Kupanga sopo ndi ana pakhomo: iwo ayeze, inu mugwire soda

"Azakhali, sopo amapanga ndi chiyani?" Anandifunsa choncho mwana wa mchimwene wanga wa zaka 9 tikuchapa kuseri kwa nyumba pa holide. Nditamuyankha kuti amapanga ndi mafuta, anaima kaye, nsalu ili m'manja, n'kunena kuti, "Ayi azakhali, mafuta amadetsa zovala. Ndiye angazichape bwanji?" Funso limenelo ndi limene linatipatsa ntchito ya masabata 6, ndipo ndi pamene inunso muyambire. Mwana amene wadabwa savuta kuphunzitsa.

Ndinene poyambirira chinthu chimene sindifuna kuti chisochere pakati pa zina. Sopo weniweni amapangidwa ndi kositiki soda, mankhwala amene amawotcha khungu, kuchititsa khungu m'maso, ndi kuwononga kummero ngati mwana wamwa. Pa ntchito yonseyi ana akhoza kuyeza mafuta, kuwerengera, kukonza zikombole, kulemba masiku, kudula ndi kutembenuza sopo. Soda yekha ndi wa munthu wamkulu, kuyambira pogula mpaka potsuka ziwiya. Ngati simungathe kusunga lamulo limenelo pakhomo panu, lekezani pa masiku awiri oyamba amene ndikufotokozawa. Mwana aphunzirabe zambiri.

Tsiku loyamba: botolo ndi chidulo

Musayatse moto tsiku limeneli. Tengani botolo loonekera mkati, muthiremo madzi theka, mwana athiremo masupuni awiri a mafuta ophikira, atseke, akhutchumule mpaka manja alefuke. Akaliika pansi, muuzeni awerenge mpaka 30. Mafuta aja amabwerera pamwamba n'kukhala paokha. Kenako apalire m'botolomo kasopo pang'ono, akhutchumulenso. Ulendo uno madzi amayera ngati mkaka ndipo mafuta sathamangiranso pamwamba. Mufunseni kuti apita kuti. Musafulumire kumuyankha.

Akalephera, ndiye muuzeni motere: kachidutswa kalikonse ka sopo, kakang'ono kosaoneka ndi maso, kali ndi mbali ziwiri. Mbali ina imagwira mafuta, ina imagwira madzi. Litsiro la pathupi limamatirira pa mafuta a pakhungu, choncho sopo amagwira mafutawo ndi dzanja limodzi, madzi ndi dzanja linalo, ndipo mukatsukuluza zonse zimapitira limodzi. Ife tinachita sewero pabwalo: ana awiri anali madzi ndi mafuta osafuna kuyandikana, wachitatu n'kulowa pakati kuwagwira manja onse. Wamng'ono kwambiri, wa zaka 5, sanaiwalenso.

Mukatero pitani kukhitchini. Mwana aliyense amene anadyapo therere la chidulo ali kale ndi theka la phunziro la sopo, kungoti sakudziwa. Wotchani zitsononkho za chimanga kapena makoko a mtedza, ikani phulusalo m'kachitini kobooka pansi, thirani madzi, adonthere m'mbale monga amachitira agogo. Mwana aviike nsonga ya chala m'chidulomo, atikite ndi chala chinzake, kenako asambe. Amva kuterera. Kuterera kumeneko ndi chidulo chikugwira mafuta a pachala, n'kuyamba kuwasandutsa sopo pang'ono. Chidulo cha ndiwo n'chofatsa, koma ndi mtundu umodzi ndi kositiki soda. Anthu ankapanga sopo ndi madzi a phulusa kalekale mafakitale asanabwere, ndipo mpaka lero ku Ghana ndi ku Nigeria sopo wakuda uja amapangidwa ndi phulusa la makoko a koko ndi a nthochi. Sopo wa phulusa amatuluka wofewa, ndipo mphamvu ya phulusa siyezeka bwino pakhomo, n'chifukwa chake ife tigwiritsa ntchito soda wogula.

Ngati muli ndi chidede, musadumphe ichi. Viikani maluwa ake ofiira m'madzi otentha, azizire, mugawe m'makapu atatu. Kapu yoyamba mufinyiremo ndimu: kufiira kumawala. Yachiwiri muisiye. Yachitatu muthiremo chidulo: madzi amada n'kupita kobiriwira. Ana amakuwa akaona zimenezi, ndipo m'pamene mumawauza kuti pali zinthu za mbali ya ndimu ndi zinthu za mbali ya chidulo, ndipo sopo amabadwa mafuta akakumana ndi chinthu champhamvu cha mbali ya chidulo.

Tsiku lachiwiri: sopo wa tizidutswa

Uyu ndi wa ana aang'ono, ndipo alibe soda. Kwa milungu ingapo ntchito isanayambe, apatseni kachitini azitoleramo tizidutswa ta sopo timene timatsala kubafa n'kumagwera m'ngalande. Osasakaniza wochapira ndi wosambira. Tikakwana, atipale ndi chopalira kapena inu mutidule tating'onoting'ono, mpaka tidzaze kapu imodzi. Thirani masupuni atatu a madzi otentha, muvundikire kwa ola limodzi kuti tifewe. Kenako ikani m'mbale yachitsulo, mbaleyo muikhazike pamwamba pa poto wa madzi owira, muzitakasa mpaka zikhale ngati nsima yofewa. Zikauma kwambiri onjezani supuni imodzi ya madzi, osati kapu. Madzi akachuluka sopo amachedwa kulimba ndipo amakwinyika pouma.

Pamoto pakhale inu. Zikazizira moti dzanja likhoza kupirira, ana atenge ulamuliro: azikanikizira m'timakontena ta majarini todzozedwa mafuta pang'ono, kapena aumbe timipira. Wofuna athiremo ufa wa masamba ouma a chammwamba, kapena gaga wosefa bwino pang'ono kuti sopo azikhula. Muwauziretu kuti kubiriwira kwa chammwamba sikukhalitsa, kumapita kofiirira pakapita masiku, kuti asadzakhumudwe. Mawa lake tulutsani m'zikombole, muumike pamthunzi sabata imodzi.

Muwauze zoona kuti apa sanapange sopo watsopano, angoumbanso wakale. Ana okulirapo amazindikira okha, ndipo amayamba kukakamira kuti akufuna weniweni.

Musanagule soda

Pakhomo pathu mawu akuti soda amatanthauza wophikira therere ndi zitumbuwa. Apa ndi pamene pali ngozi yaikulu. Kositiki soda si ameneyo ngakhale pang'ono. Pa paketi pake palembedwe caustic soda kapena sodium hydroxide, ndipo amaoneka ngati timiyala toyera kapena ngati shuga wokhakhala. Akasungunuka m'madzi, madziwo amangooneka ngati akumwa. M'maiko a kumadzulo kwa Africa kumene mabanja ambiri amapanga sopo pakhomo, zipatala zimalandira ana amene anamwa madzi a soda atasiyidwa m'botolo la zakumwa, ndipo ena amavutika kumeza moyo wawo wonse chifukwa cha zipsera za kummero. Choncho soda asalowe konse m'khitchini. Asathiridwe m'botolo la madzi kapena la zakumwa. Akhale m'paketi yake, mkati mwa chigubu chotseka bwino, m'chipinda chokiya. Musungunule wokwanira tsiku limenelo basi, wosatsalako.

Khazikani ana pansi, muwaonetse paketiyo muli chigwirire, muwauze dzina lake ndi zimene amachita. Kubisa sikuthandiza, mwana amafunafuna chobisidwa. Ine ndinaika kachidutswa ka nyama m'madzi a soda pang'ono m'kakontena, ana ali patali, n'kuwaonetsa mawa lake katasungunuka n'kukhala lende. Palibe amene anayandikiranso paketi ija.

Dziwaninso chochita zikavuta, ndipo wamkulu wachiwiri amene ali pakhomo adziwenso. Timiyala touma tikagwera pakhungu, tisaseni kaye ndi nsalu youma, kenako thirani madzi ambiri osalekeza kwa mphindi 20, mutavula chovala chimene chanyowa. Akalowa m'diso, tsukani ndi madzi oyera kwa mphindi zosachepera 20 diso lili chotsegula, n'kupita kuchipatala ngakhale ululu utachepa. Mwana akamwa, musamusanzitse, chifukwa soda amawotchanso pobwerera. Musamupatse ndimu kapena viniga. Thamangani naye kuchipatala mutanyamula paketiyo. N'chifukwa chake pa tsiku lopanga sopo pafunika ndowa ziwiri zodzaza madzi pafupi, ntchito isanayambe.

Zofunika kukhala nazo

Chofunika kwambiri ndi sikelo ya manambala yoyeza mpaka galamu imodzi. Makapu ndi masupuni sagwira ntchito pano. Ngati mulibe, bwerekani kwa wophika makeke, koma muziyezera m'kontena, soda asakhudze sikeloyo. Mufunanso magolovesi a labala aatali, magalasi oteteza maso, malaya a manja aatali ndi nsapato zotseka. Jagi yosungunulira soda ikhale ya pulasitiki wolimba. Yang'anani pansi pake, ngati pali nambala 5 kapena 2 m'kati mwa timivi titatu, ndi yabwino. Botolo la madzi akumwa lija, la nambala 1, limapindika ndi kutentha. Galasi likhoza kusweka. Chotakasira chikhale cha pulasitiki wolimba kapena chitsulo chosachita dzimbiri. Mthiko watsopano ukhoza kugwira ntchito, koma usabwererenso ku nsima.

Aluminiyamu ayi. Masefuliya ambiri a pamsika ndi a aluminiyamu, ndipo soda amawadya n'kutulutsa mpweya woyaka. Ulendo wanga woyamba, ndili ndekha, ndinagwiritsa ntchito supuni yaikulu ya aluminiyamu posadziwa. Madzi anayamba kutuwa ndi kuchita tithovu m'mbali mwa supuni, supuniyo n'kuda bii. Ndinataya zonse. Ndikanakhala ndi ana pafupi tsiku limenelo ndikanasokonezeka, ndipo n'chifukwa chake ndimalimbikira kuti mupange kaye kamodzi kapena kawiri muli nokha musanaitane ana.

Mafuta ndi masamu ake

Sopo wolimba amafuna mafuta olimba. Otchipa kwambiri ndi a ng'ombe, amene mungapeze kubucha. Aduleni ang'onoang'ono, muwaike pamoto wochepa ndi kapu ya madzi, asungunuke osapserera, musefe pansalu, muwasiye agone. M'mawa mupeza chibuma choyera pamwamba, madzi akuda pansi. Chotsani chibumacho, mupale zakunsi kwake, mubwereze kachiwiri kuti fungo lichepe. Ana amakonda kunyamula chibuma chija. Amene muli kumtunda kwa nyanja, ku Karonga kumene anthu amayenga mafuta a mawese, mukhoza kugwiritsa ntchito amenewo m'malo mwa a ng'ombe pa muyezo womwewo. Sopo wake amatuluka wachikasu. Ofewetsa ndi mafuta a mpendadzuwa. Werengani pa botolo kuti ndi a mpendadzuwadi.

Muyezo woyambira ndi waung'ono dala: magalamu 350 a mafuta a ng'ombe kapena a mawese, magalamu 150 a mafuta a mpendadzuwa, magalamu 66 a kositiki soda, ndi magalamu 150 a madzi oyera ozizira. Madzi a mvula osefa ndi abwino kuposa a pachitsime chamchere. Zonse pamodzi ndi magalamu 716, ndiye kuti mapisi 6 kapena 7.

Musawapatse ana nambala 66 ija yophikaphika. Amene ali Sitandade 6 kupita m'tsogolo aipeze okha, chifukwa apa m'pamene masamu a m'kalasi amakhala ndi ntchito yooneka. Mtundu uliwonse wa mafuta uli ndi mlingo wake wa soda. Galamu imodzi ya mafuta a ng'ombe kapena a mawese imadya pafupifupi magalamu 0.141 a soda, ya mpendadzuwa pafupifupi 0.135. Achulukitse 350 ndi 0.141, apeza 49.35. Achulukitse 150 ndi 0.135, apeza 20.25. Akaphatikiza ndi 69.6. Kenako achotsepo magawo 5 pa 100 aliwonse, atsala ndi 66. Mwana wanzeru afunsa kuti tikuchotseranji. Yankho lake ndi lakuti timafuna soda athe yense, mafuta ndi amene atsaleko pang'ono. Mafuta otsala amafewetsa khungu, soda wotsala amawotcha.

Pa chifukwa chomwechi simungangosintha mafuta mmene mwafunira. Mafuta a kokonati, amene amachulukitsa thovu, amadya soda wambiri, pafupifupi 0.183 pa galamu, ndiye mukawalowetsa masamu ayambirenso. Ndiponso lita imodzi ya mafuta ophikira si kilogalamu imodzi, imalemera pafupifupi magalamu 920. Mwana ayeze kapu ya madzi ndi kapu ya mafuta pasikelo aone kusiyana, ndipo akumbuka botolo lija la tsiku loyamba, chifukwa chake mafuta ankayandama.

Tsiku lopanga

Sankhani m'mawa wopanda mphepo yambiri, panja kapena pakhonde. Makanda ndi ana oyenda chokwawa akhale kwa aneba, osati kumbuyo kwanu. Nkhuku ndi agalu atsekeredwe. Jambulani mzere pansi ndi makala, mapazi asanu kuchokera patebulo, muwauze ana kuti paketi ya soda ikatsegulidwa aliyense akhale kuseri kwa mzerewo. Sankhani mmodzi akhale mlonda wa mzere, wina mlembi wokhala ndi kope ndi wotchi. Mwana amene ali ndi udindo sayendayenda.

Yambani ndi za ana. Ayeze mafuta a ng'ombe ndi a mpendadzuwa, wina aziwerenga mokweza nambala ya pasikelo, mlembi azilemba. Ayezenso madzi m'jagi ija. Akonze chikombole: kabokosi ka matabwa kapena katoni yolimba yoyalidwa pepala la pulasitiki mkati, makona atapindidwa bwino, kapena timakontena ta majarini. Amene anaonapo anthu akuumba njerwa safuna kufotokozeredwa zambiri. Inu sungunulani mafuta a ng'ombe pamoto wochepa, muphule, muthire m'beseni la pulasitiki wolimba pamodzi ndi a mpendadzuwa.

Tsopano ana apite kuseri kwa mzere, inu muvale magolovesi ndi magalasi. Yezani soda m'kakontena kouma, mutseke paketi nthawi yomweyo chifukwa soda amakoka chinyezi cha mumpweya n'kuyamba kunyowa. Thirani sodayo m'madzi pang'onopang'ono mukutakasa. Soda ndi amene amapita m'madzi; madzi sathiridwa pa soda, chifukwa akhoza kuphulika n'kukuthovukirani kumaso. Ana anene lamulo limeneli mokweza inu mukuthira. Madzi amachita mbuu, amatulutsa nthunzi yotsamwitsa, ndipo amatentha pafupifupi kuwira popanda moto uliwonse. Nkhope yanu ikhale kumbali, mphepo izichokera kumbuyo kwanu. Ana akaona nthunzi ikutuluka m'madzi amene iwo omwe anayeza ali ozizira, amasowa chonena. Takasani mpaka timiyala tonse tisungunuke ndipo madzi ayerenso.

Kenako dikirani, osachoka pamalopo. Madzi a soda ndi mafuta zonse zitsike kufika pofunda, pafupifupi madigiri 40. Ngati mulibe choyezera kutentha, gwirani kunja kwa jagi ndi kunja kwa beseni muli ndi golovesi: zikhale zofunda ngati madzi osambitsira khanda, ndipo mafuta akhale asanayambe kugwirana. Zimatenga mphindi 30 kapena kuposerapo. Nthawi imeneyi jagi isasiyidwe yokha ngakhale foni italira m'nyumba.

Zikafunda, thirani madzi a soda m'mafuta mwakachetechete, kamtsinje kakang'ono, mukutakasa mbali imodzi osathovutsa. Mafuta oonekera aja amayamba kuchita mtambo, kenako kuyera ngati mkaka. Pitirizani. Ndi dzanja zimatenga nthawi, mwina theka la ola, mwina kupitirira ola. Mukhoza kupuma mphindi zisanu n'kuyambiranso. Mwana wa zaka 12 kapena kuposa, wodekha, atavala magolovesi ndi magalasi akeake, mukhoza kumulola atakaseko pang'ono inu mutagwira beseni, koma dziwani kuti phalali likadali lowotcha ngati soda yemwe. Ngati magalasi alipo amodzi, asatakase.

Chimene mukudikira ndi ichi: phalalo likhuthale ngati phala la mwana, moti mukanyamula chotakasira n'kudonthetsa pamwamba, mzere wake uzioneka kanthawi usanamire. Kwezani chotakasira ana aone ali kuseri kwa mzere wawo, iwo ndi amene agamule ngati zafika. Nthawi yoyamba amafulumira kunena kuti zatheka chifukwa atopa. Auzeni ayang'anenso. Mukathira m'chikombole zisanafike, mafuta amapatukana ndi madzi, ndipo m'mawa mupeza dziwe la mafuta pamwamba. Ulendo woyamba musathiremo zonunkhiritsa kapena utoto. Perefyumu wa m'botolo amatha kulimbitsa phala mwadzidzidzi lisanalowe m'chikombole, ndipo ndi bwino ana aone kaye mtundu ndi fungo la sopo wopanda kanthu.

Thirani m'chikombole, muchigogode pansi pang'ono kuti mpweya utuluke, muvundikire ndi katoni, pamwamba chitenje chakale. Kachiikeni m'chipinda chokiya. Ziwiya zonse zipite komweko osatsuka; pakapita masiku awiri zotsalira zija zimakhala zasanduka sopo ndipo zimatsukika mosavuta, komabe mutavala magolovesi. Jagi ya soda yokha itsukuluzeni nthawi yomweyo ndi madzi ambiri. Pukutani tebulo, sesani pansi, ndiye mzere uja ufufutidwe.

Madzulo mukhoza kulowa ndi ana mmodzimmodzi kuti agwire kunja kwa chitenje. Amva kufunda. Auzeni kuti mkatimo soda ndi mafuta akusinthana: zonse ziwiri zikutha, m'malo mwake mukubadwa sopo ndi gilisalini, yemwe uja amayi amasakaniza ndi mafuta odzola m'nyengo yozizira. Amene anafotokoza bwino zimenezi anali katswiri wa ku France, Michel Eugène Chevreul, m'buku lake la 1823 lonena za mafuta a nyama, anthu atapanga kale sopo kwa zaka zikwi osadziwa chimene chimachitika mkati. Mafakitale ambiri amachotsa gilisaliniyo kukagulitsa payekha. Wa pakhomo amatsala nayo.

Kudula ndi kudikira

Pakapita tsiku limodzi kapena awiri, dinani pamwamba ndi chala cha golovesi. Akalimba ngati sopo wa m'sitolo wongofewa pang'ono, mutulutseni. Ana ayeze ndi rula, alembe timizere, ndipo wamkulu pakati pawo adule ndi waya wopyapyala kapena mpeni, atavala magolovesi chifukwa sopo wa masiku awiri akadali waukali. Aliyense adinde chilembo choyamba cha dzina lake ndi kamtengo. Mukaona ufa woyera pamwamba musade nkhawa, ndi soda wa pamwamba amene wakumana ndi mpweya, amapalika kapena kuchoka posamba koyamba. Koma mukaona sopo akufumbutuka ngati choko, kapena ali ndi timabowo totuluka madzi, kapena timiyala toyera mkati, ameneyo asakhudze thupi la munthu. Penapake muyezo unalakwika kapena soda sanasungunuke yense. Bwererani ku kope la mlembi, mufufuze pamodzi.

Tsopano pabwera gawo limene ana amalivutikira kuposa onse: masabata 4 mpaka 6 osamugwiritsa ntchito. Yalani mapisiwo motalikirana pa thandala laling'ono kapena pa katoni, pamthunzi podutsa mphepo, osati padzuwa ndiponso osati pa lata. Makoswe amadya sopo wa mafuta a ng'ombe, ndiye mufunika kuvundikira ndi sefa wa waya kapena kupachika m'dengu. M'nyengo ya mvula amachedwa kuuma ndipo amachita thukuta, choncho miyezi ya chilimwe ndi yabwino kuyambira.

Kuti kudikira kusakhale kwa chabe, apatseni ntchito. Loweruka lililonse atembenuze mapisi onse, ayeze pisi imodzi yomweyomweyo pasikelo, alembe. Aona nambala ikutsika sabata ndi sabata, msanga poyamba, kenako pang'onopang'ono. Afunseni chimene chikuchoka. Ndi madzi aja anayeza okha. Nambala ikasiya kutsika kwenikweni, sopo wakhwima: walimba, wafatsa, ndipo sasungunuka msanga kubafa. Kwathu mnyamata uja wa funso ankabwera Lachitatu n'kunena kuti, "Azakhali, tingoyeza lero, mwina wafulumira." Ndinkamulola kuyeza, koma osati kusambira.

Tsiku loyesa, yambani inu. Sambani m'manja, mudikire kanthawi. Ngati palibe kuyabwa kapena kuwotcha, ana asambe m'manja okha kwa masiku angapo asanasambire thupi lonse, ndipo kumaso ndi kwa makanda musafulumire. Thovu lake silikhala lambiri ngati la sopo wa m'sitolo, limakhala laling'ono ndi lokhuthala. Muwauziretu kuti kuchapa sikuli m'kuchuluka kwa thovu. Wina akayamba kulankhula zogulitsa, ndi maganizo abwino owerengera mtengo wa mafuta, soda ndi makala pa pisi imodzi, koma sopo wopita pamsika ali ndi miyezo yake ya bungwe la Malawi Bureau of Standards, ndipo imeneyo ndi nkhani ya akuluakulu.

Pisi yoyamba isapite m'sutikesi. Ana a m'dziko muno anaona kolera ya 2022 ndi 2023, imene inapha anthu oposa 1,700 n'kuchedwetsa kutsegulira sukulu ku Lilongwe ndi ku Blantyre mu Januwale 2023, ndipo anamva kambirimbiri kuti azisamba m'manja ndi sopo. Kumva kokha sikukhalitsa. Boolani pisi imodzi pakati ndi msomali, mulowetse chingwe, ana akaimangirire pa mpondagiya pafupi ndi chimbudzi, pamwamba pake avundikire kachitini kobooka kuti mvula ndi mbuzi zisamufike. Asonyezeni kupaka mpaka kuseri kwa manja, pakati pa zala ndi m'zikhadabo, akuwerenga mpaka 20 asanatsukuluze. Kwathu amene anadinda chilembo chake pa pisi imeneyo ndi amene anakhala woyang'anira madzi a m'chigubu, ndipo mlendo aliyense wotuluka kuchimbudzi ankamva kamawu kuchokera pakhonde: "Asambe ndi sopoyo, tapanga tokha."